Kuveka anthu a anime yunifomu ya sukulu: kuyambira kolala mpaka nsapato

Ambirife tikamajambula anime, makatuni a ku Japan aja, timathera nthawi yonse pa maso ndi tsitsi. Nkhope ikangotuluka bwino, malaya timawakoka mizere iwiri mothamanga, munthu uja n'kuoneka ngati wavala katoni. Ine ndinasiya kutero nditakhala masana athunthu pakhonde la telala wina, akusoka mayunifomu sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira. Ndinaona mmene amapindira nsalu ya siketi kachigawo kamodzikamodzi, kubaya phini, kudinda ndi simbi yamakala, kenaka n'kuinyamula m'mwamba kuti aone mmene ikugwera. Kuchokera tsiku limenelo chovala ndimachiona ngati chinthu chosokedwa, chokhala ndi kulemera kwake, chimene chakoloweka pathupi. Malangizo onse ali m'munsimu akuchokera pamenepo.

Mufunika pensulo ya HB, ina ya 2B, labala, pepala ndi cholembera chakuda chosongoka. Ojambulira pafoni angagwiritse ntchito ibisPaint X kapena MediBang Paint, ndipo pakompyuta pali Krita yomwe ndi yaulere.

Sankhani kaye yunifomu ndi nyengo yake

Mayunifomu a ku Japan amene mumawaona mu anime alipo mitundu itatu ikuluikulu. Woyamba ndi wa atsikana wotchedwa sailor fuku, wakolala yaikulu yotengera zovala za asilikali apamadzi a ku Britain. Unayamba kuvalidwa cha m'ma 1920, ndipo sukulu zimene zimatchulidwa kawirikawiri pa mbiri yake ndi Heian Jogakuin ya ku Kyoto ndi Fukuoka Jo Gakuin. Wachiwiri ndi gakuran, jekete yakuda ya anyamata yakolala yoimirira ndi mabatani asanu onyezimira, yomwe inachokera ku zovala zausilikali za ku Ulaya za zaka za m'ma 1800. Wachitatu ndi blazer, yovalidwa ndi anyamata ndi atsikana omwe, imene inafala kwambiri kuyambira m'ma 1980.

Nyengo musaiiwale. Ku Japan sukulu zambiri zimasinthira ku yunifomu yopepuka pa 1 June n'kubwerera ku yokhuthala pa 1 October. Chaka cha sukulu chimayamba mu April, nthawi imene maluwa a sakura akuyoyoka. Choncho ngati kumbuyo kwa munthu wanu mwaikako maluwa amenewo, mumveke yamanja aatali yamtundu wakuda. Yoyera yamanja aafupi ndi ya nthawi yotentha, ya thambo lobiriwira ndi mitambo ikuluikulu.

Jambulani thupi lonse, ngakhale lidzabisika

Musadumphe gawo ili. Ndi pensulo ya HB, mopepuka kwambiri, jambulani mutu, kenaka yezani kuti thupi lonse likwane mitu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri ngati ndi wophunzira wa kusekondale. Chifuwa chikhale ngati kabokosi, chiuno kabokosi kena kakang'ono, mikono ndi miyendo ngati zitini zolumikizana. Kokani mzere wa mapewa ndi mzere wa chiuno. Munthu akatsamira mwendo umodzi, mizere iwiriyi imapendekera mosiyana, ndipo zovala zidzatsata kupendekerako.

Kenaka kokani mzere umodzi kuchokera pakhosi, kudutsa pakati pa chifuwa, mpaka pamchombo. Mzere wapakatiwu ndiye mwini wake wa ntchito yonse, chifukwa nsonga ya kolala, mabatani, tayi ndi zipi zonse zimakhala pa iwo. Munthu akatembenukira kumbali pang'ono, mzerewu umasunthira mbali imene wayang'anayo ndipo umapindika motsata chifuwa. Mukauphonya, mabatani adzayang'ana inu pomwe mwiniwake akuyang'ana kwina.

Mukamaika chovala, siyani kampata pakati pa thupi ndi nsalu. Malaya amagwira thupi pamapewa, siketi ndi buluku zimagwira m'chiuno, kwina konseko nsalu imangolendewera.

Kolala ya sailor fuku

Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndiye tichedwepo. Kolala imeneyi ndi nsalu imodzi yathyathyathya yomwe yagona pamapewa. Kutsogolo imakumana ngati chilembo cha V, kumbuyo imalendewera ngati kansalu ka makona anayi. Ngati simukuimvetsa, tengani kathaulo kakang'ono, kolowekani pamapewa, gwirizanitsani nsonga ziwiri pachifuwa, muyang'ane pagalasi. Mudzaona kuti nsaluyo imakwera phewa n'kuzimirira kumbuyo.

Ikani kadontho pa mzere wapakati uja, molingana ndi m'khwapa kapena kutsikirako pang'ono. Pamenepo ndi pansonga ya V. Kuchokera padontholo kokani mizere iwiri yokwera, ikalowe kuseri kwa khosi. Isathere m'mbali mwa khosi ngati yamatidwa, ioneke kuti yazungulira kumbuyo. Imeneyo ndi mbali yam'kati ya kolala. Mbali yakunja imayambira padontho lomwelo, imatambasukira kunja mokhota pang'ono, imakafika chakumapeto kwa phewa n'kudumphira kumbuyo. Pamwamba pa phewa ikani kamzere kakafupi kosonyeza kuti kolala ndi nsalu ina yosanjikizana pamwamba pa malaya, ili ndi kukhuthala kwake.

Mizere yoyera ya m'mphepete, yomwe kawirikawiri imakhala iwiri kapena itatu, ijambuleni pomaliza. Siyani kampata kuchokera m'mphepete mwenimweni, jambulani wakunja poyamba, enawo autsate ngati njanji. Ikafika pokwera phewa imayandikirana chifukwa nsalu ikutembenuka kutisiya. Kumbuyo, pa makona aja, mizereyo imakhota mwamphamvu osadukiza. Kansalu kakumbuyoko kamathera chapakati pa mafupa a mapewa, ndipo munthu akamathamanga kapena mphepo ikamaomba ndi kamene kamayamba kunyamuka.

M'kati mwa V mayunifomu ambiri amaikamo kansalu kotchinga chifuwa. Jambulani kamzere kopingasa pansi pang'ono pa khosi, mungaikepo chizindikiro cha sukulu. Sikafu imatuluka pansi pa kolala, osati pamwamba. Onetsani timizere tiwiri ta sikafuyo tikusuzumira m'mphepete mwa kolala, tikumane pa mfundo kapena pa kalamba kakang'ono kamene sikafu imapisidwamo, kenaka nsonga ziwiri zigwe, imodzi yotalikirapo.

Munthu akayang'ana chakumbali, theka la kolala lomwe lili kutali limachepa m'lifupi, lapafupi limakula. Wophunzira kujambula amafuna kuti mbali zonse zifanane, ndipo ndi chimene chimaphwetsa chithunzi.

Malaya enieniwo ndi osathina. Amagwa molunjika kuchokera pachifuwa n'kuthera m'chiuno, ndipo mpendero wake ndi mzere wokhota ngati pakamwa pa chitini, osati wowongoka. Manja aatali amafufuma pang'ono asanalowe m'kalamba kapadzanja, komwenso kamakhala ndi mizere yoyera.

Siketi

Iwalani kaye ma pleats, zigawo zopindapinda za siketi zija. Ganizirani ndowa yovundikira. Jambulani bwalo lophwatalala m'chiuno, lina lokulirapo pansi pomwe siketi ikuthera, n'kulumikiza awiriwo ndi mizere iwiri ya m'mbali yomwe ikudutsa pamwamba pa chiuno isanagwe. Mbali yakumbuyo ya bwalo lam'munsi muijambulenso mopepuka, chifukwa nthawi zina imaonekera kuseri kwa miyendo ndipo ndi imene imapangitsa siketi kuoneka yozungulira.

Tsopano gawani. Kuchokera m'chiuno tsitsani mizere yomka ikutalikirana pang'onopang'ono ikamayandikira pansi. Pakati penipeni zigawozo zikhale zotambalala, chakumbali zipanikizane, monga mmene mizere ya pa ndowa imaonekera ikamazungulira. Zigawo zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zooneka kutsogolo n'zokwanira. Mukachulutsa, siketi imasanduka tsache.

Chinsinsi chili kumpendero. Chigawo chilichonse ndi nsalu yogona pamwamba pa inzake, ndiye pansi pamaoneka ngati masitepe. Pomwe mzere wotsika wathera, bwererani m'kati ndi kamzere kakafupi kokwera pang'ono, kenaka yambani chigawo chotsatira. Kamalo kakang'ono kam'katiko mudzakadetsa ndi mthunzi. Telala uja ankapinda zonse kulozera mbali imodzi, ndipo nanunso mutero: mukayamba kulozetsa kumanja, pitirizani mpaka kumapeto. Mtundu wina ndi umene zigawo ziwiri zimapindidwa mopatsana msana n'kusiya chigawo chotambalala pakati ngati bokosi. Sankhani umodzi, musasakanize pa siketi imodzi popanda chifukwa.

Pafupi ndi lamba zigawozo zimakhala zotsekeka, mizere yake ikhale yopyapyala, mwinanso yodukaduka. Zimatseguka kuyambira pamene chiuno chathera. Munthu akamayenda, bondo lakutsogolo limakankha nsalu, zigawo za pamenepo zimatambasuka, zakumbuyo zimatsalira. Akatembenuka mwadzidzidzi siketi imachedwa, imalozabe komwe anachokera. Akakhala pampando nsalu imayala pantchafu n'kugwera m'mbali ndi pamaondo. Ngati siketi ndi ya mizere yopingasana, musaijambule mizereyo modutsa siketi yonse ngati pa kope la masamu. Chigawo chilichonse chikhale ndi mizere yake, yodukira pamsoko ndi kupitirira yatsika kapena kukwera pang'ono.

Za kutalika ndinene maganizo anga. Anthu amene tikujambulawa ndi ana a sukulu, ndipo malamulo a sukulu zambiri ku Japan komweko amafuna siketi yofika m'maondo. Ijambuleni choncho. Imapatsa mwanayo ulemu wake, komanso nsalu yaitali ili ndi malo ambiri oonetsera kuyenda ndi mphepo.

Gakuran

Iyi ndi nsalu yokhuthala yolimba, choncho mizere yowongoka ichuluke, makwinya achepe. Mapewa akhale amakona, otambalala pang'ono kuposa mapewa enieni a mnyamatayo. Kolala ndi kachitini kakafupi kozungulira khosi, kotseguka pang'ono kutsogolo pomwe pali kokoweka. M'mphepete mwake mwam'mwamba siyani kamzere koyera, komwe ndi kolala yam'kati. Pakolalapo pamabayidwa timabaji ta sukulu kapena ta kalasi.

Mabatani asanu aikeni pa mzere wapakati. Njira yosavuta ndi kuika loyamba pansi pa kolala, lachisanu chapamchombo kapena kutsikirako, lachitatu pakati pa awiriwa, otsalawo m'mipata. Jekete ya mnyamata imatseka mbali yake yakumanzere pamwamba, ndiye kwa inu amene mukumuyang'ana, mzere wotsegukira umadutsa kumanzere kwa mabatani. Kumanja a jekete, chakudzanja, ikani timabatani ting'onoting'ono, kawirikawiri tiwiri.

Batani lachiwiri kuchokera pamwamba lili ndi nkhani yake. Pa tsiku lotsiriza sukulu, mu March, mnyamata amatha kulipereka kwa mtsikana amene walipempha, chifukwa ndi lomwe lili pafupi ndi mtima. Mukajambula gakuran yosowa batani limenelo, ulusi wokha ukulendewera, odziwa amva nkhani yonse popanda mawu. Momwemonso jekete yotsekedwa mpaka pakhosi imasonyeza mwana wosunga malamulo, yosiyidwa yotsegula ikuonetsa sikipa m'kati imasonyeza wosamva za aphunzitsi.

Buluku ligwe molunjika, ndi mzere wositira pakati pa mwendo uliwonse. Makwinya aikeni pomwe miyendo imakumana, kuseri kwa bondo, ndi pamwamba pa nsapato pomwe nsalu imagunda n'kupindika kamodzi kapena kawiri.

Blazer, shati ndi tayi

Yambani ndi zam'kati: kolala ya shati kuzungulira khosi, mfundo ya tayi kapena riboni pakati pake. Kenaka V wamkulu wa jekete, wofika pa batani loyamba. Mapiko a jeketeyo ndi nsalu yopindidwira kunja, ndipo chapafupa la pansi pa khosi pali kamalo kodulidwa ngati pakamwa pa nsomba, pomwe kolala yakumbuyo imakumana ndi phikolo. Mbali ziwirizo zikhale pa msinkhu umodzi motsata mzere wa mapewa. Mabatani ndi awiri kapena atatu, baji pa thumba lakumanzere kwa mwiniwake. Ya atsikana nthawi zambiri imatseka mosemphana ndi ya anyamata, yakumanja pamwamba. Msoko wolumikiza mkono ndi phewa musauiwale, ndi kamzere kamodzi koma kakasowa jekete imaoneka ngati juzi.

Mukaika juzi kapena kadigani, mizere ikhale yofewa yozungulira, nsalu iunjikane pamwamba pa lamba wa m'chiuno ndi wa padzanja.

Makwinya

Khwinya lililonse liyenera kukhala ndi chimene chalibweretsa. Musanakoke mzere dzifunseni kuti nsalu ikukokedwa kuchokera pati. Munthu akakweza mkono, makwinya amayambira m'khwapa ndi m'chiuno n'kuloza kumkono wokwezekawo. Akapinda chigongono, nsalu yakunja imakungika n'kusalala, yam'kati imapanikizana n'kupanga timizere tokhala ngati chilembo cha Y kapena Z. Shati yopisira imakhala ndi makwinya aafupi otuluka mu lamba, kenaka imafufuma pang'ono pamwamba pake. Nsalu yolendewera pakati pa malo awiri imagwa mokhota, monga mmene chitenje chimagwera mukachiyanika ndi mapegi awiri.

Mzere wa khwinya uyambe mokhuthala pomwe pali kukokako, uthere mopyapyala osafika mbali ina ya chovala. Pachigongono awiri kapena atatu akwana. Shati yopepuka imalola makwinya ambiri aang'ono, gakuran ndi blazer zimafuna ochepa akuluakulu. Anime imakonda kuchepetsa mizere chifukwa chithunzi chilichonse chimajambulidwa mobwerezabwereza kuti chiyende, ndiye mukamakayika za khwinya lina, fufutani.

Valani shati, imani pagalasi kapena pemphani mnzanu akujambuleni pafoni mutapinda mkono, mutakhala pansi, mutanyamula chikwama. Mphindi khumi patsiku mukukopera makwinya a chovala chenicheni zidzakupindulirani kuposa kukopera zojambula za ena, chifukwa iwo anachepetsa kale ndipo simuona chimene anachotsa.

Sokosi, nsapato, chikwama

Pakamwa pa sokosi ndi mzere wokhota wozungulira mwendo. Mukamayang'ana kuchokera pamwamba umakhotera pansi. Sokosi zoyera zazikulu zokwinyikira pa akakolo zinali fashoni ya m'ma 1990, ndiye muziike ngati nkhani yanu ndi ya nthawi imeneyo. Panja ophunzira ambiri amavala nsapato zachikopa zopanda zingwe kapena zamasewero, koma m'kalasi amavala uwabaki, tinsapato toyera topepuka timene amasinthira pakhomo la sukulu. Munthu wanu akakhala pa desiki, mumveke timeneto. Chikwama cholimba chobereka chotchedwa randoseru ndi cha ana a pulayimale, wa kusekondale mumpatse chapaphewa kapena chogwira kumanja. Lamba wa chikwama amadinda nsalu paphewa ndipo amakokera kolala mbali imodzi, onetsani zimenezo ndi timakwinya tiwiri.

Kudinda mizere ndi mthunzi

Mukakhutira, dindani mizere ndi cholembera chakuda. Mzere wozungulira chovala chonse ukhale wokhuthala, misoko ndi makwinya zikhale zopyapyala. Dikirani inki iume musanafufute pensulo. Pafoni, thupi likhale pa layer yake (ma layer ali ngati mapepala oonekera osanjikizana), zovala pa ina, mitundu pansi pa mizere.

Mthunzi wa anime ndi wa mitundu iwiri, wowala ndi wakuda pang'ono, wokhala ndi malire omveka. Sankhani komwe kuwala kukuchokera, kenaka detsani pansi pa chibwano, pansi pa kolala, pansi pa sikafu, m'khwapa, m'kati mwa chigawo chilichonse cha siketi, ndi pamiyendo pomwe siketi yaphimba. Yunifomu yakuda musaipake wakuda weniweni, mizere yanu idzamira. Tengani buluu wakuda kapena wotuwa wakuda. Malaya oyera mthunzi wake ukhale wotuwa wopita kubuluu.

Zovala zina

Njira ndi yomweyi: thupi, mzere wapakati, pomwe nsalu yakoloweka, misoko, makwinya. Hoodie ili ndi chipewa chomwe chimaunjikana kuseri kwa khosi n'kuonekera mbali zonse ziwiri. Pa yukata ndi kimono, zovala zachikhalidwe za ku Japan, samalani kwambiri. Amuna ndi akazi omwe amaika mbali yawo yakumanzere pamwamba, kotero kwa woyang'ana kolala imaoneka ngati chilembo chaching'ono cha y. Kutembenuza ndi kavekedwe ka maliro, ndipo n'kosavuta kulakwitsa pafoni mukatembenuza chithunzi kuti muone zolakwika n'kuiwala kuchibweza.

Mukazolowera mitundu itatu ija, yesani kuveka munthu wa anime yunifomu imene munavala inuyo kusukulu kwanu, kapena imene mng'ono wanu wayanika pachingwe panopa. Muli nayo pafupi, mungathe kuitembenuza, kuona pomwe pali misoko, kuwerenga mabatani, kuona pamene mtundu wasuluka pamapewa chifukwa cha dzuwa. Chitenje nachonso chimaphunzitsa bwino: makwinya ake onse amayambira pomwe chapisiridwa m'chiuno n'kutsika mopendekera, ndipo maluwa ake amadukira m'khwinya lililonse n'kutulukira mbali ina atasuntha pang'ono, monga tinachitira ndi mizere ya siketi ija.